Mauna a Nkhanu pa Bachayo Bandar

Sikisi koloko m'mawa inamupeza Basran atasenza kale beseni lachisanu la matope. Madzi anali ataphwa, kamtsinje kamchere katatsala kamzere koonda pakati pa thope lonyezimira, ndipo maboti anali atagona cham'mbali ngati ng'ombe zokhuta. Amuna amene anabwera ndi madzi a m'bandakucha anali m'tulo. Kwathu kuno nthawi imeneyi ndi ya akazi ndi akhwangwala.

Ankayenda mmene wakhala akuyendera kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, khosi lili njo, dzanja limodzi pabeseni, lina litagwira mpango kuti mphepo isauvule. Anafika padoko, pomwe pali simenti yatsopano ndi chikwangwani chabuluu. Apa ndi pomwe mapazi ake ankaima okha m'mawa uliwonse. Tsikuli sanaime, monganso sanaimepo kwa masabata asanu ndi awiri. Anangoponya diso kunsi kwa simentiyo, m'mbali mwa khoma ladothi loichirikiza. Mauna a nkhanu anali atachuluka kuposa dzulo, ndipo ena anali atalumikizana n'kukhala dzenje loti mkono ungalowe mpaka m'phewa. Basran anameza malovu ngati munthu amene wamva fungo la ndiwo zake zikupsa bwino. Anapitirira mpaka kuseri kwa nyumba ya Jannat, mnansi wake, nakhuthula matopewo pakhoma lina laling'ono limene ankamanga yekha.

Basran anabadwira pachilumba china cha kumathiriro kwa mtsinje wa Sindhu, chomwe lero ukachifuna uyenera kufunsa nsomba. Bambo ake, a Soomar, ankagwira ntchito m'zombo zamatanga zonyamula mpunga ndi tende. Akakhala pakhomo n'kumasoka ukonde, ankatchula malo amene anakochezapo: Keti Bandar, Shah Bandar, Porbandar ya kutsidya kwa malire, Bandar Abbas ya ku Irani. Tsiku lina mwanayo anafunsa chifukwa chake malo onsewo ali ndi dzina limodzi ngati ana a bambo mmodzi. A Soomar anamuuza kuti bandar ndi doko basi, pomwe boti limangidwa, munthu n'kutsika osatitimira, katundu n'kutuluka. Anati mawuwo anabwera ndi amalonda a Chiperezi, ndipo anatsalira pagombe lililonse pomwe iwo anaponya nangula. Theka lina la dzinalo, anatero, limakhala la yemwe anali ndi pakamwa papakulu nthawiyo, kaya mfumu kaya wamalonda. Koma mwini wake weniweni ndi madzi.

Kuti amvetse, anamutenga ulendo wina wa ku Shah Bandar, doko la mfumu. Basran anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo njira yonse ankaganiza za zombo zazitali. Atafika anapeza mbuzi, fumbi ndi nthaka yoyera ndi mchere. Mtsinje unali utasintha njira kalekale, zombo n'kuutsatira. Dzina linangotsala ngati chigoba chomwe nkhanu yavula. Basran sanaiwale mbuzi zimenezo.

Anakwatiwa ndi Khamiso, msodzi wa manja akuluakulu ndi mawu ochepa. Ali ndi mwana mmodzi, nyanja inayamba kudya chilumba chawo. Poyamba zitsime zinalowa mchere, kenako mpunga unakana, ndipo madzi atafika kumanda anthu anaphwasula nyumba zawo za matabwa ndi mphasa n'kuzikweza m'maboti. Khamiso ndi Basran anakocheza pano. Panalibe kanthu koma thope lofika m'ntchafu ndi mitengo ya timari, ija imamera m'madzi amchere. Khamiso anadula mizati naikhoma m'mbali mwa kamtsinje. Ntchito imeneyo inamutengera nyengo imodzi, kenako anabwerera kunyanja, poti mwamuna ndi boti. Kumanga khoma la matope pamizatiyo kunatsala ndi Basran.

Khoma la matope lili ndi malamulo ake. Pansi uyala nthambi, pamwamba matumba a zigoba za nkhono, kenako dongo lakuda la pokhota kamtsinje, osati lofewa la pafupi, ndipo ulipondaponda ndi chidendene mpaka litasiya kulira. Ukatero sunathe. Nkhanu zimakumba usana ndi usiku. Madzi akadzaza amalowa m'mauna awo, akamaphwa amatuluka ndi dothi pang'ono, ngati mlendo wochoka ndi sipuni. Ndiye m'mawa uliwonse madzi akaphwa uyenera kuyenda khoma lonse, kupisa mkono mu una uliwonse, kusolola mwini wake, kutsekamo zigoba, kumata dongo, kuponda. Ukajomba masiku atatu, madzi amadziwa njira.

Basran anachita zimenezi ali ndi pakati, anachita ali ndi khanda m'chiuno, anachita m'mawa wa Idi asanasambe n'kuvala zatsopano. Zala zake zinali ndi zipsera za mapani a nkhanu, zina pamwamba pa zinzake. Maboti anayamba kubwera, poyamba a abale, kenako a anthu osawadziwa, chifukwa m'kamtsinje konseko apa pokha ndi pomwe munthu ankatsika ndi dengu la nsomba osasiya nsapato m'thope. Panabwera wogulitsa tiyi, panamangidwa mzikiti, msewu unafika, ndipo galimoto yonyamula anthu ndi nsomba inayamba kutembenukira pomwepa. Anthu ankangoti pabandar ya Khamiso. Amuna akatsika m'boti n'kuponda pouma ankathokoza Mulungu, ndipo ambiri ankakhulupirira ndithu kuti malowo analengedwa choncho, chifukwa nthawi imene khoma linkamatidwa iwo ankakhala ali m'tulo kapena panyanja.

Khamiso atamwalira ndi chifuwa, Basran anakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi monga mwa lamulo la akazi amasiye. Masiku amenewo beseni linasenzedwa ndi Jannat, akulangizidwa kudzera pabowo la mphasa. Mpaka lero Jannat amati msana wake unathera pamenepo, ndipo akafuna kubwereka shuga amayamba wakumbutsa zimenezo.

Mkulu wake wa Khamiso, Haji Bachayo, anafika pano msewu utafika kale. Anaika sikelo, anamanga shedi ya ayisi, nayamba kugula nsomba za aliyense. Anapita ku Makka kawiri, ndevu anazipaka hina mpaka zinafiira ngati moto, ndipo nsapato zake sizinalawepo thope. Chaka chino analengeza kuti doko aliika simenti, aikanso chikwangwani, ndipo kudzakhala phwando ndi alendo a kutauni. Basran anasangalala. Anasenda anyezi mpaka maso kutupa, anatumbula nsomba, anaphika ndi akazi anzake miphika itatu ikuluikulu ya mpunga. Chikwangwani chitafika chili fumbi lokhalokha, anachipukuta ndi mpango wake womwe, akutsatira zilembo ndi chala. Sadziwa kuwerenga. Ankaganiza kuti akupukuta dzina la mwamuna wake.

Zolankhula za paphwando akazi sanazimve, poti anali kuseri ndi utsi. Basran anadziwa m'mawa mwake. Anali ndi beseni pamutu pamene galimoto inatembenuka, kondakitala n'kukuwa kuti, "Bachayo Bandar! Otsika pa Bachayo Bandar!" Anatula beseni, napita kwa Jannat, yemwe anaphunzirako mpaka kalasi yachitatu, namukokera pachikwangwanipo. Jannat anawerenga ndi maso okha, kenako anayang'ana zala za kumapazi kwake. Pambuyo pake anaulula zomwe mwamuna wake Achar anamva paphwando: a Haji anauza alendo kuti iwo anapeza pano pali thope, n'kulisandutsa mtunda.

Basran anapita kwa mlamu wakeyo kamodzi kokha. Anamupeza pampando pafupi ndi sikelo, akutafuna masamba a tambuu ofiiritsa m'kamwa, ndipo anamufunsa mwaulemu kuti dzina la m'bale wake lapita kuti. Bachayo analavula pambali, nati akufa ali ndi mwala wawo kumanda, doko ndi la amoyo. Anati alendo a kutauni sangaike simenti padzina la munthu amene sakumudziwa.

"Ndipo inu mlamu, ntchito yanu yatha," anatero. "Simenti si matope. Zoumba dothi ngati ana zija zatha tsopano. Kapumeni."

Amuna amene anali pasikelo anaseka. Basran anakoka mpango kumaso nati, "Chabwino alamu, ndikapuma."

Sabata yomweyo Bachayo anadulitsa mitengo ya timari imene Basran anabzala kutsogolo kwa khoma, kuti maboti aakulu a injini azifika bwino ndiponso chikwangwani chizionekera patali. Mitengo imeneyo ndi yomwe inkathyola mphamvu ya mafunde. Basran anaima pakhomo pake n'kumaonerera nkhwangwa zikugwira ntchito. Nthambi zitatayidwa, anazitola zonse n'kupita nazo kuseri kwa Jannat.

Sanatukwane munthu. M'mawa uliwonse ankapereka moni kwa Bachayo, n'kumufunsa za mawondo ake. Pa swala sanapemphepo Mulungu kuti agwetse simentiyo, chifukwa ankaona kuti si bwino kutuma Mulungu ntchito yomwe nkhanu zingathe. Amisiri a kutauni anathira simenti pamwamba pa khoma lake ngati chivundikiro pamphika, ndipo kunsi kwake kunali dongo lomwe lija, lokhala ndi alendo omwe aja. Iye ankangowerenga mwezi. Mphepo ya kunyanja inali itayamba kale kukankha madzi kumtunda, ndipo mwezi ukadzakhala wathunthu, madzi aakulu a chaka chino adzabwera. Akamasenda adyo, akamasoka chofunda cha zigamba, ankachiona chikwangwanicho m'maganizo chitaima m'madzi ofika m'khosi, akakowa atatera pamwamba pake n'kumachipaka zoyera. Chithunzi chimenechi chinkamukomera kuposa tiyi.

M'mawa umenewu, ali pakati popondaponda dongo, anamva kutsokomola kumbuyo kwake. Bachayo anali ataima pomwe udzu umathera, atakweza zovala zake zoyera ndi zala ziwiri. Basran anamupatsa moni, nafunsa za mawondo. Bachayo anati mawondo ali bwino, koma simenti yang'ambika kuchokera pasikelo mpaka pamzati wachitatu, ndipo dzulo ataponda yalira ngati ng'oma. Anati amisiri aja ndi akuba, ndipo sangabwere mpaka mvula itatha. Anazungulirazungulira ndi mawu, kenako ananena chimene anabwerera: Basran apite akaone kunsiko, akamate monga ankachitira.

"Ine alamu? Ine ndikupuma."

"Kupuma kwake n'kumeneku? Matope mpaka m'mawondo?"

"Awa ndi masewera a ana. Munanena nokha."

Bachayo anati asaiwale kuti mizati ili pansi pa simentiyo anakhoma ndi Khamiso, ndipo ikapita ndi madzi, manyazi ndi a banja lonse. Apa mtima wa Basran unalasidwa ndithu, chifukwa mizati imeneyo ankaidziwa umodzi umodzi, ndipo pa wachiwiri panali pomwe nkhwangwa ya Khamiso inaphonya n'kusiya chipsera. Anaponda dongo katatu asanayankhe.

"Akufa ali ndi mwala wawo kumanda, a Haji. Doko ndi la amoyo. Walira mvula walira matope. Mwafuna dzina, tengani ndi nkhanu zake zomwe." Anatola beseni n'kulitambasulira kwa iye. "Nali, ndikubwerekani. Dongo labwino lili pokhota paja. Mukamapisa mkono muzipinda chala chachikulu, zimakonda chimenecho."

Bachayo anayang'ana beseni, nayang'ana nsapato zake. Ananena kuti mkazi wamasiye wopanda mwana wamwamuna ayenera kusamala lilime, poti tsiku lina adzafuna abale. Basran anavomera kuti n'zoona, ndipo anamufunira ulendo wabwino. Anamuyang'ana akubwerera, akudumpha timadzi ngati mkwatibwi.

Jannat anali atamva zonse ali kuseri kwa mphasa, monga amamvera chilichonse. Anatuluka ndi makapu awiri a tiyi ndi chapati cha ufa wa mpunga, nakhala pansi akudandaula za msana. Anati anayamba kuseka pa nkhani ya chala chachikulu mpaka anadziluma lilime. Kenako nkhope yake inasintha.

"Adi, mchemwali wanga, nyumba yako ili kuseri kwa khoma lomwelo. Likagwa, madzi sadzafunsa kuti uyu ndi Haji, uyu ndi Basran."

Basran anati akudziwa. Anali atayeza kale ndi ndodo: madzi adzalowa mushedi ya ayisi, adzadutsa pasikelo, kenako adzafika pamphasa pake pomwe anaberekera awiri mwa ana ake aakazi atatu ndi pomwe Khamiso anatsirizikira. Mzikiti ndi nyumba zina zili pamtunda, sizidzakhudzidwa. Anati nyumba ya matabwa ndi mphasa anaisamutsapo kale kamodzi, ndipo sinadandaule.

Jannat anapukusa mutu, nati munthu wowotcha chofunda chake kuti aphe nsikidzi amagona ndi mphepo. Basran anayankha kuti wagona ndi nsikidzi mokwanira. Anamwa tiyi, maso ali pakhoma latsopano. Linali lalifupi, mapazi makumi awiri okha, koma linali lolimba, ndipo kutsogolo kwake timitengo ta timari tinali titayamba kutulutsa masamba. Mizati itatu yomangirira maboti anaikhoma yekha, ndi mwala, kwa masiku asanu ndi limodzi. Achar ankaganiza kuti mayiyo akukonza poyanika nsomba.

"Chabwino, tinene kuti simenti yagwa," anatero Jannat. "Maboti abwera pano poti palibenso pouma. Ndiye a Haji azula chikwangwani chawo, adzachizika apa. Iwe udzatani? Udzachipukutanso?"

Funso limeneli Basran anali atagona nalo masabata asanu ndi awiri. Anafotokozera Jannat zimene anaphunzira kwa bambo ake ndi kwa kondakitala uja: dzina silikhala pachitsulo, limakhala pakamwa pa anthu, ndipo pakamwa pamagwira chimene payamba kumva. Simenti ikagwa malo ano alibe dzina, Bachayo adzawapatsa lake. Koma boti likayamba kumangidwa pano simenti isanagwe, anthu n'kuzolowera kunena kuti latsitsira pakutipakuti, chikwangwani chidzafika mochedwa.

Jannat anafunsa ngati ndiye kuti padzakhalanso pa Khamiso. Basran anatembenuza kapu m'manja. Anati Khamiso anali munthu wabwino, sanamukwezerepo dzanja, ndipo anakhoma mizati nyengo imodzi. Anati pa madoko onse amene bambo ake ankatchula, sanamvepo limodzi la dzina la mkazi, koma sakhulupirira kuti kumeneko kunalibe nkhanu.

Jannat anamuyang'ana, kenako anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Anati Achar ndi wamantha, amagulitsa nsomba pasikelo ya a Haji, ndipo akamva dzina la Bachayo amaima ngati mwana wasukulu. Basran anati akudziwa, koma akudziwanso amene Achar amamuopa kuposa a Haji. Jannat sanatsutse.

Madzi anali atayamba kubwerera. Ankakwera mwakachetechete m'kamtsinje, akudzutsa maboti limodzi limodzi, ndipo kumunsi kuja anali atafika kale pamauna oyamba a pansi pa simenti. Basran anatsuka kapu yake, naipereka, naika nkhata pamutu. Panali nthawi ya beseni limodzi lokha madzi asanatseke njira ya pokhota.

"Adi Jannat, ndili ndi zopempha ziwiri," anatero. "Mwezi ukhala wathunthu Lachinayi. Mutu umodzi susenza denga, ndiye Lachiwiri undibwereke alongo ako adzandinyamulire langa, tidzaliike apa pafupi ndi khola lako. Chachiwiri, mawa Achar akamabwera, asapitirire kusimenti. Amange boti pamzati wapakatiwu, nsomba azipititse kusikelo pamutu, si patali. Wagalimoto akamufunsa kuti watsitsira kuti, anene mokweza, kondakitala amve. Anene kuti pa Basran Bandar."